Gasi wa M'firiji ndi Nambala Yake pa Chipata

 Moni inu a pa Milepa, amene wailesi ili pa shelefu ya golosale pakati pa shuga ndi sopo. Moni amayi ogulitsa mafirizi. Moni alimi a ng'ombe za mkaka m'boma lonse la Chiradzulu. Moni amisiri okonza mafiriji, inu oyenda ndi kasilinda mutakamangirira pa kaliyala. Nkhani ya lero ikukhudza nonsenu.

Ndiyambe ndi funso. Ndani mwa inu sanamvepo mawu akuti, "Firijiyi gasi watha"? Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Makasitomala akufuna zoziziritsa kukhosi. Inu kutsegula chitseko, mabotolo onse ofunda. Mmisiri abwera, atchera khutu ku kompulesa, agwira timapaipi takumbuyo, napukusa mutu. "Bwana, gasi watha. Tithire wina." Munenerera mtengo, athira, firiji iyambanso kuzizira. Aliyense abwerera ku zake.

Koma munayamba mwafunsapo kuti gasi wathiridwayo ndi wamtundu wanji? Anachokera kuti? Analowa bwanji m'dziko muno? Lero tilondola mapazi a gasi ameneyu chobwerera m'mbuyo, kuchoka kuseri kwa firiji ya pa Milepa mpaka pa tebulo la wa kasitomu ku chipata. Pa tebulo limenelo pali buku la manambala. Mfundo yanga ndi imodzi, muisunge. Dziko limadziwa gasi amene walowa poona nambala yolembedwa pa chipata. Nambalayo ikanama, boma lanamizidwa, koma woyamba kutulutsa ndalama m'thumba ndi mwini firiji.

Poyamba tidziwe ichi. Gasi wa mafiriji sitipanga kuno kwathu. Yense amachokera kunja, ndipo wambiri amapangidwa ku China. Amakwera sitima ya pamadzi n'kutsikira ku Beira, ku Nacala, ku Durban kapena ku Dar es Salaam. Kenaka thiraki. Kenaka chipata: Mwanza, Dedza, Songwe, kapena Muloza kuseri kwa phiri la Mulanje uku. Ndiye kuti kasilinda ka mmisiri kaja kanadutsa pamaso pa a kasitomu a MRA, ngati kanalowa m'njira yake.

Nanga wa kasitomu angadziwe bwanji za m'kati mwa silinda? Chitsulo n'chotseka. Gasiyo saoneka. Ambiri alibe n'fungo lomwe. Sungalawe, sungasuzumire. Apa m'pamene buku lija limagwira ntchito.

Mayiko anagwirizana kuti katundu aliyense wodutsa m'malire akhale ndi nambala yake. Buku la manambalawo limatchedwa Harmonized System, mwachidule HS. Olisamala ndi a bungwe la World Customs Organization, limene likulu lake lili ku Brussels m'dziko la Belgium. Bukuli linayamba kugwira ntchito mu 1988, ndipo Malawi amalitsatira. Njinga ili ndi nambala yake. Malata ali ndi yawo. Nandolo amene mumagulitsa kwa mavenda pa Milepa, akamapita ku India, amayenda ndi nambala yake. Manambala 6 oyambirira ndi ofanana kulikonse. Wa kasitomu wa ku Mwanza ndi mnzake wa ku Mumbai samvana chinenero, koma pa nambala amamvana.

Katundu akafika, ejenti amene mwamutuma kuti akuwombolereni amalowetsa nambalayo mu kompyuta ya MRA. Nambala ndiyo imanena msonkho umene mulipire. Nambala ndiyo imanena ngati katunduyo akufunika chilolezo. Ndipo chaka chikatha, boma likafuna kudziwa kuti chakutichakuti chinalowa chochuluka bwanji, limawerenga pa nambala yomweyo. Msonkho, chilolezo, chiwerengero. Pa nkhani ya gasi, zazikulu ndi ziwiri zomalizazi.

Mwina mukufunsa kuti boma likufuniranji kuwerenga gasi wa m'firiji yanga. Tiyeni tibwerere m'mbuyo pang'ono.

Gasi amene tikukamba pano si wachilengedwe. Amachita kupanga m'fakitale. Akatswiri amatenga mpweya ngati methane, uja umatuluka m'ndowe za ng'ombe zikamawola, kapena abale ake ethane ndi propane, n'kulumikizako kolorini kapena fluorine. Chotuluka pamenepo chimaziziritsa bwino kwambiri. Kwa zaka zambiri anthu ankati apeza chinthu chopanda vuto. Gasi wa mafiriji akale aja, olemera, osuntha anthu anayi, anali R12, wa banja la CFC.

Mu 1974, akatswiri awiri a sayansi, Mario Molina ndi Sherwood Rowland, anachenjeza kuti CFC akathawa amakwera kumwamba kwenikweni, n'kukawononga mpweya wotchedwa ozoni. Ozoni ndiye amatitchinjiriza ku ukali wa dzuwa. Akachepa, khansa ya pakhungu imachuluka, ng'ala m'maso imachuluka, mbewu nazo zimavutika. Abale athu achialubino ndiwo amadziwa bwino chimene dzuwa limachita pa khungu. Mu 1985, akatswiri a ku Britain oyeza mpweya ku Antarctica analengeza kuti ozoni wachepa koopsa kumeneko. Dziko lonse linadzidzimuka. Mu 1987 mayiko anasainirana pangano mumzinda wa Montreal ku Canada, loti gasi wotere athetsedwe. Malawi analowa m'panganoli mu 1991.

Pofika 2010, mayiko ngati lathu anayenera kukhala atasiyiratu kuitanitsa R12. Wotsatira pa mzere ndi R22, wa banja la HCFC, amene amisiri mumamudziwa m'maeyakoni akale ndi m'zipinda zoziziritsira katundu. Ameneyu nthawi yake ikutha mu 2030.

M'malo mwa amenewa munabwera banja lina, la HFC. R134a ndi wa banja limeneli, uja ali m'mafiriji ambiri ndi m'galimoto zochokera ku Japan. HFC sakhudza ozoni. Koma walira mvula walira matope. Zinadziwika kuti gasi watsopanoyu amasunga kutentha mumlengalenga moopsa, ndipo akuthandizira kusintha kwa nyengo. Choncho mu Okutobala 2016, mayiko anakumananso ku Kigali m'dziko la Rwanda, n'kugwirizana kuti HFC nayenso achepetsedwe pang'onopang'ono. Malawi anavomereza mu 2017, m'gulu la mayiko oyambirira. Kwa ife, 2024 ndi chaka chimene anatiikira malire oti tisapyole. Kuyambira 2029 tiyamba kutsika, mpaka 2045.

Ndipatuke pang'ono. Sindikunena kuti firiji ya pa Milepa ndiyo inabweretsa namondwe wa Freddy. Ayi. Gawo lathu pa kutenthetsa dziko n'lochepa zedi tikayerekeza ndi mayiko olemera, ndipo amene anawononga kwambiri ndiwo ayenera kusenza katundu wamkulu. Koma anthu a ku Chiradzulu, amene anaona zimene namondweyo anachita kwa Ntauchira mu Malichi 2023, safunika munthu wowaphunzitsa kuti nyengo ikalusa imatani. Ndipo ngakhale wina atati za nyengo sizimukhudza, thumba limukhudza. Mafakitale akunja akamachepetsa kupanga gasi wina, gasiyo amasowa. Akasowa amakwera mtengo. Akakwera mtengo, achinyengo amadzuka.

Tsopano tifike pa chimake cha nkhani. Mvetserani bwino apa.

Gasi wa mafiriji alipo wa mitundu iwiri. Pali gasi wa payekha, ndipo pali gasi wosakaniza. Alimi mundimva msanga. Feteleza wa Urea ndi chinthu chimodzi, thumba lonse. Koma wokulitsa uja, wachitowe, ndi msakanizo, ndipo manambala olembedwa pa thumba amakuuzani kuti chakuti chilimo chochuluka bwanji. Wina akakugulitsani thumba lolembedwa zina, m'kati muli zina, mumadzaonera m'munda chimanga chitachita chikasu, ndalama zitapita kale. Gasi ndi chimodzimodzi. R22 ndi wa payekha. R134a ndi wa payekha. R32 ndi wa payekha. Koma mukamva gasi amene nambala yake ili m'ma 400, monga R404A, R407C kapena R410A, dziwani kuti ndi msakanizo. M'silinda imodzi muli magasi awiri kapena atatu, aliyense ndi muyeso wake.

Buku la kasitomu limasiyanitsa awiriwa. Gasi wa payekha amalowa pa mutu wa 2903. Wosakaniza saloledwa pamenepo. Ali ndi kwawo kwina.

Vuto linali lakuti kwawoko kunali kothithikana. Chisanafike chaka cha 2022, misakanizo yonse ya HFC inkalowa pa nambala imodzi. R404A, R410A, R407C, onse khomo limodzi. Nawonso ma HFC a paokha ankaunjikidwa pa nambala imodzi, pamodzi ndi mankhwala ena osakhudzana n'komwe ndi mafiriji. Pa nthawi imeneyo panalibe amene ankadandaula kwambiri. Koma pangano la ku Kigali litabwera, zinthu zinasintha.

Chifukwa chake n'chiyani? Pangano la ku Kigali siliwerenga makilogalamu okha. Limawerenga mphamvu ya gasi aliyense pa kutenthetsa dziko. Ndipo mphamvuzo n'zosiyana kutalitali. Kilogalamu imodzi ya R404A ikathawira mumlengalenga, imatenthetsa mofanana ndi pafupifupi matani 4 a mpweya woipa uja umatuluka tikamawotcha mafuta a galimoto. R410A mphamvu yake ndi pafupifupi theka la pamenepo. R134a ndi wocheperapo. Ndiye taganizani wogwira ntchito ku nthambi ya boma yoona za chilengedwe ku Lilongwe. Chaka chilichonse ayenera kutumiza lipoti ku ofesi ya panganoli ku Nairobi. Apempha ziwerengero kwa a kasitomu. Amupatsa nambala imodzi, ndi kulemera kwa zonse pamodzi. Adziwa bwanji kuti woopsa kwambiri analipo wochuluka bwanji? Sangadziwe. Kungoganizira basi.

N'chifukwa chake pa 1 Januwale 2022, buku la HS litakonzedwanso, munabadwa mutu watsopano. Nambala yake ndi 3827. Ma ejenti ndi oitanitsa katundu, ilembeni penapake. 3827. Umenewu ndi mutu wa misakanizo yokhayokha ya magasi amenewa. Nawonso ma HFC a paokha anawagawa. R32 ali ndi nambala yake tsopano. R134a sakuunjikidwanso ndi gulu lonse lija.

Tiyeni tione mmene mutu wa 3827 umagwirira ntchito, chifukwa anaukonza mwanzeru. Wa kasitomu amafunsa mafunso motsatana, ndipo salumpha. Funso loyamba: mumsakanizomu muli CFC, woletsedwa kalekale uja? Ngati alimo, nkhani yatha. Silinda yonse ilowa pa nambala ya CFC, ngakhale ena onse m'menemo akhale ololedwa. Ngati mulibe, funso lina: muli HCFC, abale a R22? Ngati alimo, ilowa pamenepo. Ngati mulibe, apitirira, mpaka afike pa misakanizo ya HFC yokhayokha. Pamenepo sakungofunsa kuti alimo ndani. Akufunsanso kuti alimo wochuluka bwanji.

Ndipereke zitsanzo ziwiri zokha, ndisakutopetseni. R404A ali ndi magasi atatu, ndipo woposa theka ndi wotchedwa R143a, mmodzi mwa otenthetsa kwambiri. Lamulo likuti msakanizo ukakhala ndi R143a wokwana magawo 15 pa 100 aliwonse, ulowe pa khomo loyamba la ma HFC. Choncho R404A nambala yake ndi 3827.61. Nanga R410A, wa maeyakoni amakono? Iye ndi theka R32, theka R125. R143a mulibe. Khomo loyamba alidutsa. Lachiwiri likufuna R125 wokwana magawo 55, iye ali ndi 50, alidutsanso. Lachitatu likufuna magawo 40. Pamenepo alowa: 3827.63.

Mwaona? Oopsa kwambiri amagwidwa poyambirira. Ndipo dzina la malonda silithandiza. Kampani ikhoza kupatsa gasi wake dzina lokoma, lolembedwa m'zilembo zikuluzikulu pa katoni. Buku la kasitomu silifunsa dzina. Limafunsa za m'kati, ndi muyeso wake. Ndiye ejenti wodziwa ntchito sayamba kulemba asanaone chikalata cha ku fakitale chonena zimene zasakanizidwa. Wopanda chikalatacho akungolota.

Ndibwereze, kwa amene mwangotsegula kumene wailesi. Tikukamba za gasi wa mafiriji. Wa payekha amalowa pa 2903. Wosakaniza amalowa pa 3827. Ndipo pa nambala imeneyi m'pamene boma limaonera ngati woitanitsayo ali ndi chilolezo, komanso ngati dziko silinapyole malire ake.

Tsopano tione kumene zimakhotera. Buku likhoza kukhala labwino, koma buku silitsegula silinda.

Kulakwa kwina n'kwa kusadziwa. Ejenti amawombola matayala lero, mawa zovala, mkuja gasi. Akaona mawu akuti refrigerant amangotenga nambala imene anazolowera kale, n'kuika msakanizo pa mutu wa gasi wa payekha. Sanabe kanthu. Koma chiwerengero cha dziko chasokonekera.

Kulakwa kwina n'kwadala. Njira zake n'zodziwika padziko lonse, ndipo a kasitomu amaphunzitsidwa za izo. Wina amalemba R134a pa pepala pamene m'silinda muli R22, pothawa chilolezo. Wina amabisa masilinda kumbuyo kwa katundu wina mu kontena. Wina amangopenta. Amisiri mukudziwa kuti mwa chizolowezi silinda ya R22 imakhala yobiriwira mopepuka, ya R134a yabuluu wowala, ya R404A ya olenji, ya R410A ya pinki. Koma penti amagulitsidwa mu hadiweya iliyonse. Katoni amasindikiza aliyense amene ali ndi makina. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Musaganize kuti mapeto ake ndi firiji yosazizira basi. Mu 2011, makontena oziziritsira katundu a pa sitima anaphulika ku Vietnam ndi ku Brazil, ndipo amisiri atatu anafa. Atafufuza anapeza kuti makinawo anathiridwa R134a wachinyengo, wosakaniza ndi gasi wotchipa wotchedwa R40. R40 ameneyu amadya aluminiyamu wa m'kati mwa kompulesa, n'kupanga mankhwala amene amayaka okha akangokumana ndi mpweya. Amisiriwo anapita ku ntchito monga mwa masiku onse. Pa silinda panalembedwa dzina labwinobwino.

Pali kachipangizo koyezera gasi, konyamulika m'manja. Amalumikiza kapaipi ku silinda, pakapita mphindi zochepa kamaonetsa zimene zilimo. Thumba la ndalama la pangano la Montreal limathandiza mayiko ngati lathu ndi zipangizo zotere, komanso maphunziro a ogwira ntchito m'zipata ndi amisiri. Maganizo anga ndi akuti kachipangizo kameneka n'kofunika kuposa chidindo. Pepala limanena zimene woitanitsa wafuna kunena. Kachipangizo kamanena zimene zili m'chitsulo. Ndipo kasamathere pa chipata pokha. Kazifikanso m'mashopu a m'tauni kumene amisiri a kumudzi amakagula gasi, a Malawi Bureau of Standards ali pomwepo.

Palinso mpata wina umene buku silitseka. Firiji ikamalowa m'dziko ili ndi gasi wake kale m'kati, imalembedwa ngati firiji, pa mutu wa makina. Gasi wakeyo sawerengedwa pa 2903 kapena pa 3827. Chimodzimodzi eyakoni, chimodzimodzi galimoto. Ndiye taganizani mafiriji ogwiritsidwa kale ntchito aja, obwera ndi abale athu a ku Joni pa ngolo ya basi, atakulungidwa m'mabulangete. Iliyonse ikubwera ndi njala yake. Ikadzadontha idzafuna gasi wa mtundu wake. Tikamalandira makina akale amene eni ake akuwataya, tikudzimangirira ku gasi amene mawa adzasowe. Mphatso ndi yabwino, sindikukana. Koma musanatumize uthenga woti "mundigulireko firiji," onjezani mawu awiri: aone gasi wake.

Tafika pa gawo la inu ndi ine. Kodi munthu wa pa Milepa, amene sadzaonapo buku la kasitomu, angachitepo chiyani?

Choyamba, tembenuzani firiji yanu. Zimitsani kaye, muikokere patsogolo. Pansi kumbuyo muona chimpira chakuda chachitsulo. Imeneyo ndiyo kompulesa. Pukutani fumbi ndi kansalu. Pali kapepala komatidwa, ndipo pa kapepalapo palembedwa dzina la gasi. Mafiriji ena amalembanso m'kati, m'mbali mwa mashelefu, pamodzi ndi magalamu a gasi amene amafunika. Muona R134a, kapena R600a. Ikakhala yakale kwambiri muona R12. Dzina limenelo lilembeni pa khoma kapena m'kope la ngongole.

Chachiwiri, mmisiri akabwera, mufunseni. "Achimwene, mukuthira gasi wanji? Ndione silinda." Si mwano umenewo. Safunsa anadya phula. Mmisiri weniweni sakwiya ndi funso lotere, amakondwa kuti wapeza kasitomala womvetsa. Dzina la pa silinda lifanane ndi la pa kompulesa. Kompulesa iliyonse anaipangira gasi wake, ndipo mafuta a m'kati mwake amayenderana ndi gasi ameneyo. Mukathira wina, mwina izizira sabata ziwiri, mwina mwezi. Kenaka kompulesa iyamba kutentha, ilira mwachilendo, ipsa. Mtengo wa kompulesa yatsopano mukuudziwa.

Chachitatu, ndipo ichi ambiri sachidziwa. Gasi wa firiji satha. Si makala, si palafini. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka, chaka ndi chaka. Akachepa, ndiye kuti penapake pabooka. Ndibwereze. Gasi satha, amadontha. Ndiye mmisiri amene amangothira osafufuza pobooka, adzabweranso mwezi wa mawa, inu n'kulipiranso. Muuzeni ayambe wapeza podontha. Ena amapaka thovu la sopo m'malo olumikizira mapaipi n'kuyang'ana pamene pakutuluka timathovu. Amate kaye, achotse mpweya m'mapaipi ndi pampu, kenaka athire gasi pa muyeso wake.

Kwa inu amisiri, ndikudziwa kuti zipangizo n'zodula, ndipo mumagula chimene mwachipeza mu shopu ku Limbe. Sindikukuimbani mlandu. Koma pali zina zili m'manja mwanu. Musasakanize magasi otsalira m'silinda imodzi kuti musataye. Chotuluka pamenepo chilibe dzina, chilibe nambala m'buku lililonse, ndipo palibe kompulesa imene anaipangira chimenecho. Gasi wosakaniza wa ku fakitale, monga R407C ndi R404A, amathiridwa ali wamadzimadzi. Mukamutulutsa ngati mpweya, wopepuka amatsogola, wolemera n'kutsalira, muyeso uja n'kusokonekera. Ndiye kuti mwagula gasi weniweni, wolowa ndi nambala yoona, koma mwamuwononga nokha pothira. R410A musamuyerekeze m'makina a R22, mphamvu yake yokankha mapaipi ndi yaikulu kwambiri. Ndipo chizolowezi chodula paipi n'kusiya gasi wakale kuti apite ndi mphepo, chija chimalira kuti psii, tichisiye kumene tingathe. Madzi akatayika saoleka.

Mwina wina akuti, nanga gasi wabwino ndi uti? Mafiriji ambiri atsopano a m'nyumba akubwera ndi R600a. Ameneyu alibe kolorini, alibe fluorine. Sakhudza ozoni, ndipo kutenthetsa kwake n'kochepa kwambiri. N'chifukwa chake sapezeka pa 2903 kapena pa 3827. Iye ndi m'bale wake wa gasi wophikira. Pamenepo m'pamene pali chenjezo: amayaka. Kumbuyo kwa firiji yotere mumaona kachizindikiro ka lawi la moto. Amayi a mafirizi, ayezi akaundana musamagobe ndi mpeni. Mukabaya paipi, gasi atuluka, ndipo ngati pali mbaula kapena kandulo pafupi, ngozi. Zimitsani firiji, tsegulani chitseko, ayezi asungunuke yekha. Amisiri, musayatse moto wowotcherera gasi wotere asanatuluke yense, ndipo mawindo akhale otsegula.

Nditsirize ndi inu alimi a mkaka, chifukwa kwa inu nkhaniyi ndi ya ndalama zenizeni. Chiradzulu ndi limodzi mwa maboma amene amadyetsa Blantyre mkaka, kudzera m'magulu a alimi a pansi pa Shire Highlands Milk Producers Association. Mumadzuka kusanache, mukama, munyamula chigubu pa njinga kupita ku thanki ya gulu. Mkaka umenewo uyenera kuzizira msanga kufika pa madigiri 4, apo ayi usasa. Thanki ikafa tsiku limodzi, si munthu mmodzi amene walira. Ndi gulu lonse. Chimodzimodzi firiji ya katemera pa chipatala cha Milepa, imene iyenera kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8 usana ndi usiku, kuti mwana wobayidwa alandire mankhwala amoyo.

Matanki ambiri oziziritsira mkaka amayendera R22 kapena R404A. Mwawamva mayina amenewa lero. Woyambayo nthawi yake ikutha mu 2030. Wachiwiriyo ndi uja amagwidwa pa khomo loyamba la ma HFC, ndipo dziko likamayamba kuchepetsa, otenthetsa kwambiri ngati iyeyu ndiwo amadya malo aakulu pa mlingo umene dziko lapatsidwa. Ndiye a komiti, pa msonkhano wanu ukubwerawu, ikani nkhaniyi pa mndandanda. Tumani munthu akawerenge kachitsulo kolembedwa pa makina a thanki yanu. Funsani amene amakukonzerani kuti gasi ameneyo akumugula kuti, ndipo mtengo wake wayenda bwanji zaka ziwiri zapitazi. Sungani kope lolemba tsiku limene gasi wathiridwa, dzina lake, ndi makilogalamu ake. Kope limenelo likadzaonetsa kuti mukuthira kawirikawiri, thanki ikudontha. Ndipo wina akadzabwera ndi thandizo la thanki yatsopano, kaya ndi bungwe kaya ndi boma, musanaombe m'manja mufunse kuti ikuyendera gasi wanji, komanso ngati alipo mmisiri pafupi amene anaphunzira kuikonza.